Ana a Tomi

Mudzi wa Msekeni, Namitete
10 Juni 2024

Okondedwa Asisi a Prisca,

Lero kwacha ndi chisanu choluma zala. Nkhungu yaphimba dambo lonse, moti mitengo ya bulugamu ya kusukulu siikuoneka. Ndadzutsidwa ndi mabelu a njinga za makala zopita ku tauni, kenako chigayo chinayamba kutsokomola monga mwa masiku onse. Amayi ali pakhonde, akuswa mtedza, ndipo akuti ndilembe kalatayi ndisanapite kusukulu.

Kaya inu muli bwanji kumeneko? Ife kuno tili bwino, kupatula mbuzi yaikazi ija, ikutsegula m'mimba.

Musadabwe kuti tikulemba kalata ngati anthu akale. Foni ya amayi inagwera mu ndowa ya madzi. Yatsala ndi ya amalume a Harrison, ndipo mukudziwa kuti iwo akamayankha foni amakweza mawu kuti onse ogula pa okala pawo amve kuti mwana wa mlongo wawo ali ku koleji ya unamwino. Ndiye amayi akuti nkhani zathu ziziyenda ndi a Noel, kondakitala wa minibasi yoyera ija.

Funso la amayi ndi ili: ana ena a m'makoleji abwera ku holide, nanga inu mukudikira chiyani? Kuno anthu akukuyembekezerani. A Eliness oyandikana nafe atupa miyendo, koma akukana kupita kuchipatala, akuti adikira dokotala wathuwathu. Ndinawauza kuti mwangophunzira chaka chimodzi, ndiponso mudzakhala namwino osati dokotala. Anandiyankha kuti mwana wosacheza ndi anzake ngati ine amakula ndi nsanje.

Amalume nawo akuti ndikukumbutseni pangano lija. Fizi akulipira ndi iwo, ndipo mukadzalephera phunziro limodzi lokha, sukulu yathera pomwepo, mudzabwera kudzakhala pa okala. Kunena zoona, Asisi, ine ndikuona ngati akupempherera kuti mulephere. Akhoma kale msomali pakhoma woti muzidzapachikapo yunifolomu yoyera ija, ndipo alembetsa chikwangwani chatsopano: DOKOTALA HARRISON KALUMBU, MAPIRITSI NDI SOPO. Akuti mukadzaima pambali pawo mutavala zoyera, anthu adzasiya kuvutika ndi mizere ya kuchipatala. Mapiritsi akugulitsabe potengera mtundu: ofiira ndi a magazi, oyera ndi a mutu, achikasu ndi a china chilichonse. Magalasi awo owerengera aja, amene amati anasweka ine ndili Sitandade 4, sanakonzedwebe.

Yankhani msanga.

Ndine mlongo wanu,
Nickson

Lilongwe
14 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Inenso ndili bwino, kungoti kutopa. Mundiperekere moni kwa amalume ndi onse. A Eliness apite kuchipatala mawa lomwe, asadikire ine.

Amayi, holide ino sinditha kubwera. Ndatsalira kuno chifukwa cha Anatomi. Musadandaule, si zachilendo, atsikana enanso atatu atsalira pa chifukwa chomwecho. Koma ntchito yake ndi yosautsa. Kukacha ndili ndi Anatomi, pakudya ndili ndi Anatomi pamiyendo, ndipo tulo sindikutiona chifukwa cha Anatomi. Ndi mafupa okhaokha, Amayi, ndipo fupa lililonse ndiyenera kulidziwa. Ndikathana nazo zimenezi, chaka chamawa ndikumana ndi Fama ndi Maikulo. Amene anadutsamo akuti Fama ndiye salola munthu kugona.

Muzindipempherera.

Mwana wanu,
Prisca

Kapepala kena kopindapinda, kolembedwa pamwamba kuti "Nickson yekha":

Iwe Niki, ichi usawerenge mokweza. Anatomi ndalephera. Ndi phunziro la kapangidwe ka thupi la munthu: mafupa, minofu, mitsempha, chilichonse ndi dzina lake la Chilatini lopinda lilime. Fiziyoloje, ya mmene ziwalo zimagwirira ntchito, ndakhoza bwino. Za kasamalidwe ka wodwala ndinali wachiwiri m'kalasi. Koma mafupa andigwetsa. Andipatsa mwayi wobwereza mayeso Lachinayi pa 4 Julaye. Ndikalepheranso, koleji indichotsa. Amalume akangomva kuti ndalephera kamodzi, andichotsa okha koleji isanatero. Ine sindinavutike zaka zonsezi kuti ndikaime pa okala ngati chidole cha m'sitolo ya zovala.

M'kalata ya amayi sindinaname, ndangosiya zina. Iwenso usaname, ungotseka pakamwa. Zimenezo ndiye umazitha. Fama ndi Maikulo ndi maphunzironso, la mankhwala ndi la tizilombo tosaoneka ndi maso, timangowadula mayina.

Mudzi wa Msekeni
19 Juni 2024

Asisi,

Landirani moni. Pakamwa ndatseka monga munanenera, ndipo imvani zimene zatuluka.

Kalata yanu ndinaiwerenga Lamlungu titachoka kutchalitchi. Amayi ankafuna kuti tiwerenge tili awiri, koma amalume anamva kwa a Noel kuti kwabwera kalata, ndiye anatulukira atanyamula mpando wawo. Nditafika pa mawu oti "chifukwa cha Anatomi," anakweza dzanja.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Ana a ndani?"

"Anatomi, amalume."

"Ndamva, sindine gonthi. Ana a Tomi. Tomi wake uti?"

Asisi, pakamwa panga panatseguka. Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndi phunziro. Koma ndinaona funso lotsatira likubwera kale m'maso mwawo: nanga phunziro limam'tsaliritsa bwanji munthu amene wakhoza? Ndinakumbukira msomali uja. Ndiye ndinangoti, "Kalatayi siikunena kuti Tomi ndi ndani." Si bodza, eti?

Pa mawu oti "pamiyendo" amayi anagwira pakamwa. Pa "mafupa okhaokha" anayamba kulira.

"Kalanga ine! Amenewo ndi ana amasiye, achimwene. Mayi wawo anamwalira, sakudya. Mwana wanga akuchita kuwawerenga nthiti."

"Za ana zisiye kaye, Tisiyenji," anatero amalume. "Wamva kuti atsikana enanso atatu atsalira? Munthu wosunga akazi anayi m'tauni, mmene shuga wakwereramu, si munthu wamba."

Nditafika pa Fama anaimirira. Akuti iwo Chingerezi amachidziwa: fama ndi mlimi wamkulu, wa esiteti, wa thirakitala. Maikulo akuti ndi Maikolo, ine ndawerenga molakwika chifukwa sukulu za masiku ano ndi zachabe.

"Amuna atatu pamzere! Mwana ameneyu tinam'tuma kukaphunzira jakisoni, iye wakatsegula msika."

Koma sanakwiye kwenikweni. Madzulo ake amayi anandituma mchere pa okala. Ndinaima pakona, palibe anandiona, monga mwa nthawi zonse. Ndinawamva amalume akuuza anthu osewera bawo kuti Tomi amam'dziwa bwino. Akuti ndi wa ku Kasiya, wamtali, woyera, wa mpata kumano. Akuti bambo ake a Tomi ankagula nawo fodya limodzi. A Adamson, mnzawo wa bawo uja, anafunsa ngati Tomi ali ndi galimoto. Amalume anati ziwiri. Pofika dzulo pa mjigo galimoto zinali zitakwana zisanu, ana anali asanu ndi awiri, ndipo wamng'ono akuti amakuitanani kale kuti amama.

A Eliness sanapite kuchipatala. Akuti adikira galimoto ya a Tomi.

Chimene chikundiwawa ndi ichi: amayi akazinga soya ndi mtedza, akagayitsa ufa wa phala la anawo. Mtedza wake ndi uja ankafuna kugulitsa kuti agule foni. Ndinanyamula thumba lake ndine popita kuchigayo, ndipo linkandilemera kuposa mmene linalili.

Mkatimu muli kalata ina. Andilembetsa amalume. Mawu ndi awo, langa ndi dzanja lokha. Ndiuzeni chochita.

Nickson

Kwa Bambo Tomi,
kudzera mwa Prisca
19 Juni 2024

Bambo,

Ndikukupatsani moni m'dzina la mbumba yonse. Amene ndikulankhula ndine Dokotala Harrison Kalumbu, mtsibweni wake wa Prisca, mwinimbumba, wabizinesi.

Mbiri yanu yatipeza. Tamva kuti mwatenga mwana wathu kuti azikulelerani ana usana ndi usiku. Ife sitikukana ana. Chimene tikukana ndi kulowa m'dimba la eni podumpha mpanda pomwe chipata chilipo. Kwathu kuno munthu akafuna mbeta amatuma ankhoswe, amaonetsa nkhope, anthu n'kumuona ngati ali ndi miyendo yonse.

Dziwaninso kuti ife ndi Achewa. Mkamwini amabwera kwa mkazi. Malo omangapo nyumba alipo, kuseri kwa okala yanga, ndipo pokhala m'mbali mwa msewu, galimoto zanu zizidzagona bwino. Akazi ena atatuwo muwasiye komweko.

Za mafupa a ana, ndakhumudwa kuti munthu wa ndalama ngati inu mukulephera kudyetsa ana anu. Ine monga dokotala ndikuona kuti ndi njoka za m'mimba. Ndili ndi mapiritsi achikasu.

Pomaliza, tamva kuti kumbuyo kwanu kuli a Fama ndi a Maikolo. Sitikukuopsezani, koma ofunsira akakhala atatu, wochedwa amapeza mphika atatsuka. Ngati a Famawo mumadziwana nawo, muwauze kuti nawonso akhoza kulemba, ndipo atchule mahekitala.

Ndakupatsani masabata awiri. Mukapanda kuyankha ndibwera ndekha kudzatenga mwana wathu.

Ine,
Dokotala H. Kalumbu

Mudzi wa Msekeni
2 Julaye 2024

Asisi,

Moni, koma mwakhala chete bwanji? Tsiku lililonse ndikaweruka ndimakaima pa siteji. Minibasi yoyera siikuoneka. Akuti inafera pa Njewa, injini anaitsitsa, ndipo a Noel akugona momwemo kulondera matayala. Kalata ino ndapatsira mayi wina wogulitsa tomato ku tauni. Kaya ikupezani.

Amalume akuti Tomi wawanyoza posayankha. Anyamuka Lachinayi m'mawa. Lachinayi, Asisi, pa 4, tsiku la mayeso anu. Ndayesa kuwauza kuti Lachisanu ndi labwino pa ulendo, andifunsa kuti ndinayamba liti kulosera. Abwereka jekete kwa a Adamson. Atenga tambala wofiira uja. Akuti Tomi akakhala munthu womveka adyera limodzi tambalayo n'kupangana za ankhoswe, akakhala wamwano abwera nanu inu ndi tambala yemwe. Amayi amanga ufa wa phala m'majumbo awiri, aikamonso makabudula anga akale kuti mwina mwa anawo muli aamuna.

Dzulo ndinatsala pang'ono kuulula. Ndinayamba kuti, "Amayi, nkhani ya Anatomi ija..." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe unawerenga zimene zinalembedwa. Pita ukagwire tambala."

Ine nzeru zandithera. Ndikanena zoona, mwachoka pasukulu. Ndikakhala chete, amalume akupezani pa mayeso. Chimodzi chokha ndaona, kaya chingakuthandizeni: anthu onse a bawo akudikira kuona Tomi wa ku Kasiya, wa mpata kumano, mwana wa mnzawo wa amalume. Alonjeza pamaso pa onse kuti pobwera atsika m'galimoto yake.

Nickson

Lilongwe
4 Julaye 2024

Niki,

Kalata yako ya mayi wa tomato yandipeza lero m'mawa ndikuvala yunifolomu. Ziwiri zija, yako ndi ya "Bambo Tomi," zinafika, ndipo ndinayankha tsiku lomwelo. Yankholo liyenera kuti lili m'thumba la a Noel pa Njewa. Likadzakupeza ungoling'amba, muli mawu osayenera mwana wa Fomu 3.

Imva zimene zachitika. Mayeso olemba tinalemba m'mawa. Masana anali a pakamwa. Umalowa wekha m'chipinda, mmenemo muli chimunthu cha mafupa okhaokha, cha pulasitiki, cholumikizidwa ndi mawaya, chopachikidwa pa chitsulo. Mphunzitsi amaloza fupa, iwe n'kutchula dzina lake ndi ntchito yake.

Amalume anafika pageti n'kuuza mlonda kuti akufuna ana a Tomi. Mlonda, wosalakwa, anamva Anatomi, anawalozera khomo. Ine ndili mkati, Mayi Febe, mphunzitsi wathu, aloza fupa la paphewa, ine ndangoti "kla," chitseko chatseguka. Jekete, majumbo awiri, tambala kukhwapa.

"Odi muno! Tomi ali kuti?"

Mayi Febe sadabwa ndi kanthu, anachiritsa azimayi oyembekezera kwa zaka zambiri asanayambe kuphunzitsa. Anangoti, "Bambo, muno muli mayeso a Anatomi. Khalani apo, musatsokomole."

"Anawo ndi amene ndadzera. Ali kuti? Nanga bambo wawo?"

Mayi Febe anayang'ana ine, anayang'ana tambala, kenako analoza chimunthu chija ndi cholembera. "Anatomi yathu ndi imeneyi, bambo. Ina tilibe."

Niki, amalume anachiyang'ana kuyambira kuchigaza mpaka kuzala za kumapazi. Ndi chachitali. Ndi choyera. Ndipo dzino limodzi la kutsogolo linathyoka anyamata atachigwetsa chaka chatha. Mpata kumano! Anakhala pansi okha osauzidwanso.

Kaya anali mantha kaya ukali, koma mutu wanga unatseguka. Klaviko, fupa lochokera pakhosi kufika paphewa. Sikapula, la kumsana. Fima, la ntchafu, lalitali kuposa onse. Mayi Febe akaloza, ine kutchula. Pa tifupa ta m'dzanja ndinakakamira. Pomwepo tambala analira. Mayi Febe anaseka, ine ndinapuma, mayina anabwera okha. Pomaliza anati, "Ukanayankha chonchi ulendo woyamba sukanabwereza. Wakhoza. Za m'mawa ndachonga kale, nazonso wadutsa."

Mawu oti kubwereza amalume anawamva bwino, pamenepo safuna magalasi. Titatuluka panja anati, "Ndiye kuti unalephera."

"Kamodzi, amalume. Lero ndakhoza."

"Pangano linati kamodzi. Kalongedze katundu."

Kenako ndinakumbukira mawu omaliza a kalata yako.

"Chabwino, amalume, ndikalongedza. Koma tikafika, a bawo akandifunsa za a Tomi, ine bodza sinditha. Ndikanena kuti Anatomi ndi phunziro loyamba limene dokotala aliyense amaphunzira. Ndikanena kuti a Dokotala Kalumbu anapititsa tambala kwa mafupa a pulasitiki. Ndikanenanso kuti bambo ake a pulasitikiyo munkagula nawo fodya."

Tambala anawachitira chitosi pa jekete la a Adamson. Kenako amalume anafunsa kuti, "Sukuluyi yatsala zaka zingati?"

"Ziwiri."

"Nanga Fama uja?"

"Ndi phunziro la mankhwala, amalume. Limanena chimene piritsi lachikasu limachita m'thupi la munthu."

Za Maikolo sanafunsenso.

Kalatayi ndawapatsira iwo omwe. Ndamata bwino, ngakhale tonse tikudziwa kuti kumatako n'kongotaya nthawi, poti magalasi aja sanakonzedwebe. Ufa ndatenga. Timwa phala lake atsikana anayi tonse, ndipo mmodzi akuti makabudula ako amukwana. A Eliness uwakweze pa kabaza iwe wekha, usadikire aliyense.

Mlongo wako,
Prisca

Mudzi wa Msekeni
6 Julaye 2024

Okondedwa Asisi,

Kalata yanu ndaiwerengera kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo mbuzi yodwala ija inadzidzimuka ndi kuseka kwanga. Mwachita bwino, Asisi.

Amalume anatsika pa siteji Lachinayi lomwelo dzuwa likulowa, m'minibasi wamba, atapanikizidwa ndi matumba a kabichi. Anthu a bawo anali atasiya bawo. Azimayi a pa mjigo anabwera ndi ndowa zopanda madzi. A Eliness anachita kuwanyamulira pampando. Amalume anayang'ana khamu lonselo, anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa.

"Abale anga, ndabwera ndi uthenga wachisoni. Tomi kulibe. Anatisiya."

"Ogo! Liti?"

"Kalekale. Ndamuona ndi maso angawa. Watsala mafupa okhaokha."

"Ndiye mwamuzindikira bwanji?" anafunsa a Adamson, maso ali pa jekete lawo.

"Mpata wa kumano uja."

Anthu anapukusa mitu, ena anati pepani. Wina anafunsa chifukwa chake sanamuike m'manda, amalume anati za m'tauni inu simungazimvetse. Wina anafunsa za galimoto, anati achibale analanda zonse, mukudziwa mmene amachitira. Kenako a Eliness anafunsa za inu.

"Ine monga dokotala komanso mwinimbumba," anatero amalume, "ndalamula kuti Prisca akhale komweko zaka ziwiri, amalize sukulu, aziyang'anira anawo. Ana amasiye sitingawataye."

Pamenepo anandiyang'ana ine. Kwa nthawi yoyamba chibadwire changa, amalume anandiona. Ine ndinayang'ana tambala.

Dzulo nditaweruka ndinawaperekeza a Eliness kuchipatala. Atamva kuti galimoto kulibe anavomera kabaza. Awagoneka, ndipo anamwino anatikalipira kuti tinali kuti masiku onsewa. Podutsa pa okala ndinasuzumira. Pa msomali paja apachikapo jekete la a Adamson kuti liume.

Pano amayi ali pakhonde, akundiuza zolemba. Akuti ndilembe kuti amva chisoni ndi imfa ya a Tomi. Akuti ndilembenso kuti a Famawo muyambe kuwawerenga msanga, asadzakugwetseni ngati anawa.

Ndinaimitsa cholembera. "Amayi, munadziwa liti?"

"Tsiku loyamba ndinalira zenizeni. Tsiku lachiwiri ndinaona kuti iwe sukudya. Ndiponso mwana wobala ine sangalembe kalata yonse ya mwamuna osatchula ngati amapemphera."

"Nanga ufa uja?"

"Wowerenga sadya? Lemba, usandiyang'ane."

Ndine mlongo wanu,
Nickson

Ndinaiwala kunena za obwera. Amalume abwera. Tambala wabwera, ali m'khola. A Noel abwera dzulo, minibasi yadzuka, andipatsa kalata yanu yochedwa ija, ndaing'amba nditaiwerenga. Tomi sanabwere. Inu simunabwere.